Ndili chaka chachitatu koma tulo ndikusowa: kodi digiri ya za nkhalango idzandidyetsa?

Funso: Ndine mtsikana wa zaka 22, ndili chaka chachitatu pa yunivesite kuno ku Mzuzu ndipo ndikuphunzira za nkhalango. Ine ndinkafuna unamwino koma sanandisankhe. Semesita yathayi ndapeza sapu imodzi, kutanthauza kuti ndinalakwa phunziro limodzi ndipo ndiyenera kulembanso mayeso ake. Achimwene anga anamaliza digiri zaka zitatu zapitazo koma mpaka lero akuyendetsa njinga yamoto ya kabaza, ya eni ake. Makolo anagulitsa ng'ombe kuti ndiyambe sukulu, komanso ndili ndi ngongole ya boma. Usiku tulo sitibwera, ndikatsegula buku maganizo amangothawira kutsogolo. Kodi ndipitirize kapena ndikungotaya nthawi? Ndine wodandaula, ku Luwinga.

Yankho: Achemwali, pitirizani sukulu. Tayamba ndi mawu amenewa kuti mtima ukhale kaye m'malo. M'kalata yanu muli nkhani zingapo zimene mwazimanga mtolo umodzi n'kuutcha tsogolo, ndipo mtolo woterewu palibe angausenze. Tiyeni tiumasule, muona kuti nkhuni zina mungathane nazo mwezi uno womwe.

Yapafupi kwambiri ndi sapu. Sapu si kuwidedwa, kapena kuti kuchotsedwa sukulu. Ndi mwayi wachiwiri umene yunivesite imapereka kwa amene waphonya, ndipo imasanduka choopsa munthu akaibisa. Wophunzira amachita manyazi, sapita kwa mphunzitsi wa phunzirolo, amawerenga yekha usiku mwa njira yomwe ija inamugwetsa, n'kukagwanso pa mafunso omwe aja. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Sabata ino pitani kwa aphunzitsiwo nthawi imene amapezeka mu ofesi, mukawafunse funso limodzi lolunjika: kodi malikisi ambiri ndinataya pa gawo liti? Mukatero pezani mapepala a mayeso a zaka zitatu zapitazo, muwalembe notsi zili chotseka, wotchi ili patsogolo, kenaka mudzichonge. Kungobwereza kuwerenga notsi kumanamiza, chifukwa maso amazolowera tsamba munthu n'kumayesa kuti wadziwa, pamene m'chipinda cha mayeso tsambalo kulibe. Tenganinso buku la malamulo a maphunziro a pa yunivesite yanu, muwerenge nokha ndime zonena za sapu, kubwereza chaka ndi kuchotsedwa. Mantha ambiri a m'mahostelo amachokera ku nkhani za m'maluwa zimene ophunzira amauzana okhaokha.

Kusowa tulo musakutenge ngati kanthu kakang'ono, chifukwa ndi kumene kungakubweretsereni sapu yachiwiri. Mutu wosagona sugwira zimene wawerenga, ndipo ukalephera kugwira mantha amakula, tulo n'kuthawiratu. Kuti mudule chingwe chimenechi, patulani mphindi 15 madzulo kusanade, mukhale pansi ndi pepala, mulembe chilichonse chimene chikukudyani mtima. Pambali pa chilichonse lembani kanthu kamodzi kamene mungachite mawa. Chimene mulibe nacho chochita, monga kuchuluka kwa ntchito m'dziko, chidutseni mzere. Maganizo akabwera pakati pa usiku muziwauza kuti alembedwa kale. Muzidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale mutagona mochedwa, khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zochotsa tulo zizithera masana, ndipo foni isalowe m'bulangete. Pa Facebook anzanu amaonetsa tsiku limene alembedwa ntchito, saonetsa makalata makumi awiri amene sanayankhidwe. Ngati papita masabata awiri mukadali osagona, chakudya sichikulowa, mukungolira kapena simukufunanso kuona anthu, pitani ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, kapena ku St John of God kuno ku Mzuzu kumene kuli akatswiri a uphungu ndi thanzi la maganizo, kapenanso ku Mzuzu Central Hospital. Ndipo maganizo ofuna kudzivulaza akangobwera, uzani munthu tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche kawiri.

Za unamwino tinene mwachidule. Mwatsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi kuti mutenge digiri. Kusiya pano ndiye kuti mukayambira pansi zaka zitatu kapena zinayi, ndi fizi yatsopano, kenaka mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi kuti mupeze chiphaso chogwirira ntchito, chonsecho anamwino nawonso akhala akudikira nthawi yaitali kuti boma liwalembe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mtima ukadzakhalabe ku unamwino mudzaulondola muli ndi digiri kale m'manja.

Tsono tibwere pa nkhani imene yakula, ya ntchito. Sitikunamizani kuti idzakudikirani pa geti tsiku lovala gauni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno muli anthu oposa 17.5 miliyoni, pafupifupi theka lawo osakwana zaka 18, ndipo kafukufuku wa National Statistical Office wa 2013 anaonetsa kuti mwa anthu 10 alionse ogwira ntchito, pafupifupi 9 ali pa ntchito zosalembedwa mwa dongosolo, monga ulimi wa pakhomo, geni ndi maganyu. Mayunivesite a boma alipo 6 chigawireni University of Malawi mu 2021, kuwonjezera apo a mipingo ndi a anthu, onse akutulutsa ophunzira chaka ndi chaka. Choncho achimwene anu si aulesi, sanalodzedwe, ndipo kukwera njinga m'malo mongokhala ndi chinthu choti muziwalemekeza nacho. Koma nkhani yawo si ulosi wa moyo wanu.

Chimene manambalawa akutiuza n'chakuti ntchito yoyamba kawirikawiri sibwera ngati udindo wokhazikika wa penshoni. Imabwera ngati ganyu ya masabata atatu yofunsa mafunso m'midzi, kapena kuthandiza kuwerenga mitengo m'nkhalango, kapena kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi. Amene wagwira bwino ganyuyo ndiye amaitanidwanso, ndipo pakatuluka mpata weniweni dzina lake limakhala lili kale pakamwa pa abwana. Funso loti muzidzifunsa pano ndi ili: munthu wofuna womuthandiza kwa masabata atatu angasankhirenji ine pakati pa anzanga onse a m'kalasi?

Musanayankhe, taonani kaye kumene mwakhala. Mukuphunzira za nkhalango m'chigawo chimene nkhalango ndi chuma. Chikangawa, imene inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, ili pa msewu wa M1 pompa, ndipo mbali yaikulu inatha ndi moto komanso kucheka kopanda kudzalanso, kutanthauza kuti ntchito yodzala, kupalira, kudulira ndi kulambula njira zotchinga moto ikadalipo ya zaka zambiri. Kampani ya matabwa ya Raiply ili komweko. Ku Nkhata Bay kuli mitengo ya labala ku Vizara ndi tiyi ku Kawalazi. Ku Rumphi kuli Nyika ndi Vwaza. Madzi amene mumamwa mu mzinda uno amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo Northern Region Water Board imadalira nkhalango yozungulira damulo kuti lisakwiririke ndi matope. Alimi a khofi ku Misuku ndi ku Phoka amafuna mitengo ya mthunzi. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu monga misewu ndi migodi ziunikidwe kaye mmene zingakhudzire chilengedwe, ndipo makampani ochita kauniuniyu amafuna achinyamata odziwa mitengo ndi kuyeza malo. Onjezanipo maofesi a zankhalango m'makhonsolo ndi mabungwe omwe si aboma. Onsewa salemba anthu tsiku ndi tsiku, koma onse amasowa manja nthawi ina pa chaka.

Manja amene amawafunawo ndi odziwa zinthu zooneka, ndipo zambiri mungaziphunzire osalipira. Choyamba ndi kupanga mapu. QGIS ndi pulogalamu yaulere, imalowa ngakhale pa laputopu yakale. Pemphani kwa a mpingo kapena sukulu ya pulayimale imene ili ndi kamunda ka mitengo, muyende m'malire mwake ndi GPS ya pa foni, mulowetse mfundozo mu kompyuta, mutulutse mapu okhala ndi sikelo, muvi wolozera kumpoto ndi kukula kwa malowo m'mahekitala. Apa ambiri amapunthwa pa chinthu chimodzi: foni imapereka malo m'madigiri, ndipo mukawerengera kukula kwa munda osasintha kupita ku UTM, njira yoyezera malo m'mamita, pa zoni 36 ya kummwera imene Malawi alimo, nambala imatuluka yopanda tanthauzo. Mukapanga mapu atatu oterewa, asindikizeni, muziyenda nawo mu fayilo. Chachiwiri ndi kuyeza mitengo mwaukhondo. Kunenepa kwa mtengo kumayezedwa pa mamita 1.3 kuchokera pansi, ndipo pa malo otsetsereka mumaima kumtunda kwa mtengowo. Chingwe cha mamita 12.62 chikazungulira pa chikhomo chimakupatsani bwalo la masikweya mita 500, ndiye kuti mitengo imene mwawerenga m'bwalomo mukaichulukitsa ndi 20 mwapeza ya pa hekitala. Zimenezi munaziphunzira m'kalasi, koma wozichita ndi manja ake kakhumi amasiyana ndi wongozikumbukira, ndipo pa intavyu zimaonekera pa funso lachiwiri.

Chachitatu ndi kutolera mayankho pa foni kapena tabuleti. Mabungwe ambiri anasiya mapepala, amagwiritsa ntchito mapulogalamu a KoboToolbox kapena ODK. Tsegulani akaunti, pangani fomu ya mafunso 15 ofunsa mabanja za nkhuni ndi makala amene amagwiritsa ntchito pa sabata, mufunse makomo 30 ku Luwinga kapena ku Chibavi mutapempha chilolezo kwa eni ake ndi kwa a mfumu a m'deralo, kenaka mukonze mayankhowo mu Excel mpaka atuluke tebulo ndi chithunzi chimodzi chomveka. Sabata ziwiri zikwana. Chinanso chimene atsikana ambiri amachinyalanyaza ndi laisensi ya njinga yamoto. Ntchito za kumudzi zimayendera njinga, ndipo zotsatsa ntchito zambiri zimalemba zimenezi poyera. Mphunzitsi muli naye kale pakhomo. Pomaliza, ngati Chitumbuka simuchilankhula bwino, chiphunzireni muli konkuno. Wolemba anthu okafunsa mafunso ku Mzimba kapena ku Rumphi amayamba wafunsa chilankhulo asanaone n'komwe magiredi.

Atachimenti (nthawi yokaphunzira ntchito ku kampani kapena bungwe) ndi risechi ya chaka chomaliza ndi makomo awiri amene sukulu imakutsegulirani yokha, koma ambiri amangodutsapo kuti apeze malikisi. Pa atachimenti muzifika nthawi isanakwane, muzipempha kupita nawo kutchire m'malo mokhala mu ofesi, ndipo muzilemba m'kabuku tsiku lililonse zimene mwachita ndi manambala ake: mbande zingati, mahekitala angati, alimi angati. Kutatsala sabata kuti muchoke, pemphani kalata yaumboni kwa amene amakuyang'anirani, chifukwa mukadzabwera patatha chaka mudzapeza anasamutsidwa. Muwafunsenso ngati angalole kuti muziwatchula ngati mboni pa CV. Pa risechi sankhani mutu umene bungwe linalake likuufunadi yankho, monga kuchuluka kwa mbande zimene zimapulumuka chaka choyamba m'midzi ingapo ndi chimene chimapha zinazo. Mukamaliza lembani chidule cha masamba awiri, mukachipereke nokha ku ofesi imene inakuthandizani. Pamenepo mwasiya kukhala wopempha ntchito wosadziwika, mwasanduka mtsikana uja anatibweretsera zotsatira.

Mapepala anu akhale okonzeka musanamalize. Onetsetsani kuti dzina pa satifiketi ya MSCE, pa chiphaso cha unzika ndi m'kaundula wa yunivesite ndi lolembedwa chimodzimodzi, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chimachedwetsa munthu miyezi. Fizi yotsalira imatsekereza thiransikiriputi, chikalata cha magiredi anu onse, choncho dziwani ngongole yanu ya ku sukulu pano. CV isapitirire masamba awiri, ndipo musadzazemo mawu akuti ndine wolimbikira ntchito, aliyense amalemba zomwezo. Lembani zimene munachita: ndinayeza mabwalo 24 m'munda wa paini, ndinapanga mapu a minda itatu, ndinafunsa mabanja 30 pogwiritsa ntchito KoboToolbox. Kalata iliyonse iziyankha zimene otsatsa ntchitoyo apempha, osati kalata imodzi yongosintha adiresi. Muziona The Nation ndi The Daily Times ku laibulale, ndipo boma likalengeza pulogalamu yake yotenga omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maofesi, imene inayamba mu 2018 kudzera ku unduna wa zantchito, lembetsani ngakhale atakutumizani ku boma lakutali. Chenjezo limodzi: ntchito yeniyeni sifuna kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda. Wina akakulonjezani ntchito kunja, kafunseni kaye ku ofesi ya zantchito, chifukwa amayi ambiri a ku Malawi anakazunzika ku Oman atapita ndi malonjezo okoma. Ndipo bwana wofuna thupi lanu kuti akulembeni sakukupatsani ntchito, akukutcherani msampha.

Ngongole ya boma isakusowetseni mtendere usiku uno. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limapereka zaka ziwiri munthu akamaliza maphunziro asanayambe kubweza. Sungani pepala la mgwirizano limene munasaina, dziwani ndalama zonse zimene mwatenga, ndipo nthawi ikadzakwana musadzabisale, mudzapite kukagwirizana nawo za kabwezedwe.

Ng'ombe ija ndiyo ikukupwetekani kwambiri, tikudziwa. Koma makolo amavutika koposa akamangoganizira okha zimene zikuchitika. Mukapita kumudzi khalani nawo pansi, muwauze za sapu, muwauzenso kuti mukamaliza pakhoza kupita chaka musanapeze ntchito yokhazikika, kenaka muwaonetse dongosolo lanu. Anthu amene anaweta ng'ombe mpaka kuigulitsa amadziwa kudikira kuposa mmene mukuganizira.

M'dongosolomo tikupemphani kuti muikemo nazale, chifukwa ndi ntchito imene maphunziro anu angayambe kukupatsani ndalama musanavale gauni. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndiye muziwerengera chobwerera m'mbuyo. Paini amafuna miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi mu nazale, ndipo kuzizira kwa Mzuzu mu Juni ndi Julayi kumachedwetsa kakulidwe, choncho musachedwe kufesa. Bulugama amakwana m'miyezi itatu kapena inayi, mukhoza kufesa mu Ogasiti kapena Seputembala. Yambani ndi machubu 2,000, timatumba tapulasitiki tofeseramo mbande. Pa mpata wa mamita atatu mbali zonse hekitala imalowa mitengo 1,111, ndiye kuti mbande zanuzo zikwanira hekitala imodzi ndi theka n'kutsalako zopakiza. Mbewu gulani yodalirika, monga ya ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, kapena funsani ku ofesi ya zankhalango, chifukwa njere zotola pansi pa mtengo wokhota zimabala mitengo yokhota. Dothi likhale la pamwamba, losefa, losakaniza ndi mchenga kuti madzi azidutsa, ndipo la paini muthiremo dothi pang'ono lotapa pansi pa mitengo yakale ya paini. Dothi limenelo lili ndi bowa wosaoneka ndi maso amene amagwirizana ndi mizu, ndipo popanda iye mbande zimachita chikasu n'kupinimbira.

Chimene chimapha mbande zambiri ndi chikondi chopitirira. Madzi akachuluka, mthunzi n'kukhala wothithikana, timbande timavunda pa tsinde n'kugwa tonse m'masiku awiri. Thirirani m'mawa, dothi likhale lonyowa koma losadikha madzi, ndipo mpweya uzidutsa. Masabata awiri alionse muzisuntha machubu ndi kudula mizu imene yatulukira pansi, apo ayi imalowa m'nthaka ndipo tsiku lonyamula imaduka, mbande n'kukafera kumunda. Mwezi womaliza chepetsani madzi ndi kuchotsa mthunzi pang'onopang'ono kuti zikhwime. Muziyang'anira chiswe, ndipo mpanda ukhale wolimba chifukwa mbuzi imodzi imatha ntchito ya miyezi inayi m'mawa umodzi. Mukazolowera, phunzirani kumezanitsa mapeyala ndi mango, poti mbande yomezanitsa imagulidwa mtengo wokwera kuposa ya paini.

Cholakwika chachikulu n'kufesa musanapeze ogula. Musanagule chubu ngakhale chimodzi, yendani m'masukulu, m'mipingo ndi kwa alimi a ku Dunduzu, Ekwendeni ndi njira ya ku Chikangawa, mufunse mtundu umene akufuna ndi kuchuluka kwake, mulembe maina. Inu muli ndi makalasi, simungathe kuyenda monsemo kapena kuthirira tsiku lililonse. Koma pakhomo panu pali munthu wa digiri amene amadziwa njira iliyonse ya mu mzinda uno ndipo amacheza ndi anthu makumi angapo pa tsiku. Loweruka likubwerali akaweruka, muphikireni tiyi, mumuonetse masamu a machubu 2,000 aja, mumufunse kuti pa njingayo angamange kireti ya mbande zingati ulendo umodzi.